Mwana Adziwe Dzina la Chiwalo Chilichonse

Dzuwa likapendeka ku Nkwali, kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa kutayamba kuleza, m'makomo ambiri mumamveka phokoso lofanana: madzi akukhuthulidwa m'beseni, mwana akukana kusamba. Mayi amamugwira padzanja, n'kumuimika pamwala kuseri kwa nyumba. Pomupaka sopo amalankhula naye. "Tsinzina. Kweza mkono ndikutsuke m'khwapamu. Bweretsa phazi, taona litsiro lili m'zalamu." Umu ndi mmene mwana amaphunzirira thupi lake, popanda bolodi kapena choko. Akamakwanitsa zaka zinayi amakhala akudziwa chigongono, mchombo, chidendene, ngakhale nkhongo imene sadaionepo ndi maso.

Koma sopo akafika pakati pa mchombo ndi ntchafu, mawu amatha. Mayi amangoti, "Tsuka ukonso," nkhope atayang'ana kumbali. Mwana amaona zimenezo, ndipo amatolapo zinthu ziwiri: malowo alibe dzina, komanso akuluakulu safuna kumva za kumeneko.

Anthu a ku Malambo, m'chigwa chomwechi, sazungulira pochenjeza mwana za mtsinje. Palibe kholo limene limati, "Kumadziko kuli kanthu kena." Limanena kuti ng'ona, limatchula doko limene imakonda, limafotokozanso kusiyana kwa mvuu imene ikungopuma ndi mvuu imene ili ndi mwana. Njovu zikayamba kulowa m'midzi kutsata mango, mwana amauzidwa njira yoti asadzere popita kusukulu. Makolo amatero podziwa kuti mwana wodziwa dzina la choopsa amakuwa molondola, ndipo womva amadziwa chothamanga nacho. Nzeru yomweyo ndi imene imasowa nkhani ikakhala ya thupi la mwanayo.

Mayina amene tili nawo kale

Sikuti chilankhulo chathu n'chosauka mawu pankhaniyi. Mawu alipo, ambirinso, kungoti ntchito zake n'zosiyana.

Alipo mayina achibwana, opeka pakhomo. Banja ili limati "kanthu", lina "kambalame", lina limabwereka dzina la chakudya. Amaseketsa ndipo sachititsa manyazi, koma amathera pampanda. Mwana akapita nawo kwa mphunzitsi, mphunzitsi samva kanthu.

Aliponso mawu aulemu amene akuluakulu amalankhulirana: kumaso, kutsogolo, kunsi, malo obisika, maliseche. Awa amamveka kwa anthu ambiri, koma amakuta dera lonse ngati chinthu chimodzi. Mtsikana akati "kunsi kukuwawa", namwino sadziwa ngati akunena potulukira mkodzo, poberekera, kapena potulukira chimbudzi, pamene matenda a malo atatuwa ndi osiyana, mankhwala akenso osiyana. Mawu oti "kumaso" ndiye amatha kusocheretsa ngakhale munthu wamkulu, n'kuyamba kuyang'ana mwana pamphumi.

Kenaka pali mayina enieni akale: mbolo, machende, nyini, mkongo, matako. Vuto lake n'lodziwika. Mawuwa timawamva kawirikawiri pamkangano ndi pamowa, akuponyedwa kuti apweteke munthu. N'chifukwa chake mwana akawatchula timati walaula, watukwana, ndipo ena amathamangira kamtengo. Komatu mawuwo sadabadwe ali matukwano. Ndi mayina a ziwalo monga mphuno ndi bondo, amene anthu okwiya adawalanda.

Azaumoyo, pofuna kulankhula ndi odwala momasuka, adazolowera mawu ena ofotokoza ntchito ya chiwalo: njira ya mkodzo, njira yoberekera, khomo la chiberekero, thumba la machende, chikhodzodzo. Mawu otere amaloza malo amodzi enieni, koma munthu amatha kuwatchula pamaso pa apongozi osagwetsa nkhope.

Tsono tikamati dzina lolondola tikunena liti? Ndi dzina limene likuloza chiwalo chimodzi chokha, limene munthu wamkulu aliyense angalimve ngakhale si wapabanjapo, ndiponso limene silisintha mwana akamakula. Banja lingasankhe mayina akale aja, kapena mawu ofotokoza a kuchipatala, kapena onse. Kusankhako n'kofunika kwambiri m'dera ngati la mfumu Kakumbi, kumene mwana amalankhula Chikunda kapena Chinsenga pakhomo, Chinyanja m'kalasi, pamene namwino amene angamuone mwina adakulira ku Kitwe kapena ku Mongu. Ngati mawu a Chikunda enieniwo nthawi zina amafuna womasulira, dzina lopeka pakhomo lingafike pati?

Mwambo sudakhale chete

Pali anthu ophunzira amene amakonda kunena kuti makolo akale ankabisa zonse. Si zoona. Makolo adangogawa ntchito. Bambo sakamba za thupi ndi mwana wake wamkazi, mayinso amapewa, koma agogo, amene kuchigwa kuno amati ambuya, ali ndi ufulu wonse. Mdzukulu amaseka ndi ambuya ake zinthu zimene sangayerekeze kunena kwa amake. Mtsikana akaona magazi koyamba amathamangira kwa ambuya kapena kwa azakhali, ndipo iwo ndi amene amakauza mayi kuti mwana wakula. Pambuyo pake amabwera anamkungwi ku chinamwali, kapena alangizi a kumpingo, ndipo kumeneko zinthu zimatchulidwa poyera kuposa mmene buku lililonse la kusukulu lingatchulire.

Dongosolo limeneli lili ndi nzeru yake. Limasunga ulemu pakati pa kholo ndi mwana, limaonetsetsanso kuti pali munthu wodziwika amene ntchitoyo ili pamutu pake. Koma lili ndi mpata waukulu umodzi: limadikira kuti mwana athe msinkhu. Mwana wa zaka zinayi, wa zisanu ndi ziwiri, wa zisanu ndi zinayi alibe namkungwi. Thupi lake limadwala, limavulala, nthawi zina limagwidwa ndi anthu oipa mtima, zaka zambiri chinamwali chisanafike. Anyamata ndiye amasiyidwiratu. Ambiri amaphunzira kwa anzawo koweta mbuzi kapena kokawedza, masiku ano pafoni.

Moyonso wasintha. Mabanja ambiri a ku Mfuwe adatsata ntchito za m'malo ogona alendo odzaona nyama ku South Luangwa National Park, ndipo ambuya adatsala kumudzi kwa Jumbe kapena kwa Msoro. Ana ena akukulira kwa amalume kuti akhale pafupi ndi sukulu. Ntchito imene mwambo udapatsa ambuya, m'makomo otere ilibe mwini. Munthu amene amasambitsa mwanayo tsiku ndi tsiku ndi amene angaitole.

Thupilo lidapangidwa motani

Kholo silingaphunzitse chimene lokha silikudziwa bwino, choncho tiyeni tidutsemo pang'onopang'ono.

Mnyamata ali ndi mbolo, ndipo mkati mwake mumadutsa njira ya mkodzo yochokera ku chikhodzodzo, thumba limene limasunga mkodzo wochokera ku impso. Kunsonga kuli khungu lophimba. Mwa khanda khunguli limakhala lomatirira ndipo limamasuka lokha pakapita zaka. Kulikoka mokakamiza posambitsa kumangovulaza mwana. Pansi pali machende awiri m'thumba lawo. Ali kunja kwa thupi chifukwa mbewu yaumuna imapangika bwino pamalo ozizirako pang'ono kuposa m'mimba. Limodzi kukhala lotsikirapo kuposa linzake si matenda. Koma ngati mwana wafika chaka chimodzi m'thumbamo mukupezeka tchende limodzi lokha, apite naye kuchipatala, chifukwa linalo lidatsakamira m'kati ndipo limafunika kutsitsidwa.

Mtsikana ali ndi zibowo zitatu, ndipo apa ndi pamene ngakhale amayi ena oti adabereka amadabwa. Kutsogolo kuli kabowo kakang'ono ka mkodzo. Pakati pali njira yoberekera, imene dzina lake lakale ndi nyini, modzera magazi a msambo ndi mwana pobadwa. Kumbuyo ndi kotulukira chimbudzi. Mkodzo sudzera m'njira yoberekera. Ziwiri zakutsogolozo zimatetezedwa ndi milomo ya khungu, ndipo pamwamba pake, pamene milomo yam'kati imakumana, pali mkongo. Njira ya mkodzo ya mkazi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4 mwa munthu wamkulu, pamene ya mwamuna imafika pafupifupi masentimita 20. N'chifukwa chake tizilombo ta m'chimbudzi timafika msanga m'chikhodzodzo cha mtsikana, ndipo n'chifukwa chake amauzidwa kuti podzipukuta aziyambira kutsogolo kumka kumbuyo. Langizo limenelo limamveka kokha kwa mwana amene akudziwa kuti zibowozo ndi zitatu, ndi mmene zidandandalikira.

M'kati, kumapeto kwa njira yoberekera, kuli khomo la chiberekero, kenaka chiberekero chenichenicho. Mbali zake ziwiri kuli timachubu topita ku timatumba tiwiri ta mazira. Mtsikana amabadwa ali nawo kale mazirawo. Akamatha msinkhu, pafupifupi mwezi uliwonse dzira limodzi limakhwima n'kutuluka, ndipo chiberekero chimayala kakhungu kofewa ka magazi kokonzekera kulandira mimba. Dziralo likapanda kukumana ndi mbewu yaumuna, kakhunguko kamasenduka n'kutuluka. Umenewo ndiwo msambo, umene timauphiphiritsa kuti kumwezi. Nthawi zambiri umatenga masiku atatu mpaka asanu ndi awiri. Chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti dzira loyamba limatha kutuluka msambo woyamba usanaoneke. Choncho mtsikana amene pamwambo akuwerengedwabe kuti ndi mwana angathe kutenga mimba.

Pakhomo la chipatala

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma mwana amene adauzidwa kuti za kumeneko sitinena amakhala ndi ululu wake mpaka utakula.

Taonani likodzo. Luangwa akaphwera pambuyo pa dzinja amasiya mathamanda ndi madambo, mmene ana amasambira ndi kugwira nsomba. M'madzi odikha otero mumakhala nkhono zimene zimasunga tinyongolotsi ta likodzo. Timaboola khungu, timakakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndi amene amachititsa kuti mwana azikodza magazi, makamaka kumapeto kwa mkodzo. Mnyamata akaona magaziwo nthawi zambiri amauza anzake okha, ndipo anzakewo, poti nawonso amakodza magazi, amamuuza kuti ndi mmene mwamuna amakulira. Kwa atsikana n'zovuta koposa. Mazira aja amathanso kukhazikika m'njira yoberekera ndi pakhomo la chiberekero, n'kuyambitsa kuyabwa, tizilonda ndi zotuluka zachilendo. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, choncho mtsikana amaopa kuti akanena amunamizira chiwerewere, pamene iye adangosamba m'thamanda. Mankhwala ake, praziquantel, alipo ndipo amagawidwanso m'masukulu. Mwana amene anganene kuti, "Magazi akutuluka pokodza," kapena "Mukuyabwa m'njira yoberekera," wamufupikitsira namwino ntchito ndi theka.

Pali vuto lina la anyamata limene silidikira. Tchende limatha kupotokola mtsempha wake umene umalipatsa magazi. Ululu umabwera mwadzidzidzi, kawirikawiri usiku, ndipo mnyamata amatha kusanza. Madokotala amati likapanda kuchitidwa opaleshoni m'maola pafupifupi 6, tchendelo limayamba kufa. Mnyamata wamanyazi amangoti "m'mimba mukupweteka", amapatsidwa mankhwala a m'mimba, usiku n'kutha. Opaleshoni yotere sichitikira pakiliniki ya pafupi. Mwana amayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu, monga cha mishoni cha Kamoto kapena ku Chipata, kumene kuli pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Mfuwe, ndipo m'dzinja ngakhale kutuluka m'mudzi kufika pamsewu wa tara ndi nkhani ina. Maola amene atayika chifukwa cha dzina losatchulidwa sabwezeka.

Kuyambira 2019 Zambia yakhala ikupereka kwa atsikana katemera wa kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, khansa imene imagwira amayi ambiri kuposa ina iliyonse m'dzikoli. Mtsikana amabayidwa pamkono n'kuuzidwa kuti atetezedwa ku matenda a chiwalo chimene sadamvepo. Pamene palibe kumvetsa, mphekesera zimamera msanga, ndipo yoti katemerayu ndi woletsa kubereka yamveka m'maiko ambiri. Mtsikana wodziwa kuti khomo la chiberekero n'chiyani sanamizika wamba.

Nanga kusukulu?

Mu Disembala 2013 nduna za maphunziro ndi zaumoyo za maiko 20 a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa zidakumana ku Cape Town n'kulonjeza kuti ziphunzitsa achinyamata za thupi, kutha msinkhu ndi kudziteteza. Zambia idayamba mu 2014, kuyambira giredi 5 mpaka 12. Sadapange phunziro lapadera, adangolowetsa mitu yake m'maphunziro ena monga sayansi. Zifukwa zidalipo. Kafukufuku wamkulu wa boma wa zaumoyo wa 2018 adapeza kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena ali ndi pakati, ndipo kumidzi chiwerengerocho chidali chokwererapo. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu atachira lidakhazikitsidwa mu 1997, koma ambiri sabwerera.

Maphunzirowa adakumana ndi mkangano. Atsogoleri ena a mipingo ndi makolo adati akuphunzitsa ana zolaula, ndipo mu 2020 nkhaniyi idakambidwa mpaka ku nyumba ya malamulo ku Lusaka. Nkhawa ya makolo imeneyi si yoinyoza. Kholo lili ndi ufulu wofunsa zimene mlendo akuuza mwana wake. Funso lawo lalikulu ndi lakuti: mwana akadziwa, sayamba kuyesa? Bungwe la UNESCO, pokonza malangizo ake mu 2009 ndi kuwakonzanso mu 2018, lidasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri, ndipo lidapeza kuti maphunziro otere sachititsa ana kuyamba zogonana msanga. Ena mwa iwo amathandiza kuti achedwe kuyamba. Malangizo omwewo amati ana a zaka 5 mpaka 8 azidziwa kale mayina a ziwalo zawo zonse.

Koma pali chinthu china chimene sichikambidwa kawirikawiri. M'dongosolo lomwelo la 2014, ana a giredi 1 mpaka 4 ankaphunzitsidwa m'chilankhulo cha m'dera, ndipo Chingerezi chinkayamba kukhala chophunzitsira mu giredi 5. Ndiye kuti nkhani za thupi zinkafika m'kalasi chaka chomwecho chimene chilankhulo chikusintha. Kwa mphunzitsi zimenezi n'zopepuka, poti dzina la Chingerezi silimuchititsa manyazi. Mwana amaliloweza, amalilemba pamayeso, amakhoza. Koma akabwerera kunyumba, mawuwo sagwira ntchito kwa amake kapena kwa ambuya ake. Amakhala ndi thupi limodzi la m'buku, lotchulika, ndi lina lake lenileni, losatchulika. Mphunzitsi wabwino amatchula dzina la m'buku kenaka n'kunena mosazengereza kuti m'chilankhulo chathu ndi chakuti. Kalasi imaseka tsiku loyamba. Mphunzitsi akapanda kuseka nawo, kusekako sikukhalitsa.

Ndipo giredi 5 n'kutali. Kumidzi ana ambiri amayamba sukulu mochedwa, moti ena amafika giredi imeneyi atatha kale msinkhu. Bungwe la Project Luangwa, limene limasoka mapadi ochapa otchedwa Ufulu ku Mfuwe ndi kuwagawa kwa atsikana a sukulu, limathandiza pa vuto la kujomba masiku a msambo. Koma padi imafika m'manja mwa mtsikana amene mantha a tsiku loyamba adawaona kale yekha.

Kuyamba pakhomo

Palibe chifukwa choitanira mwana pampando n'kumukhazika ngati pali mlandu. Malo abwino ndi pabeseni pomwe paja. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu, pamene mukutchula khutu ndi khwapa, tchulaninso ziwalo zinazo ndi liwu lomwelo, osalikweza, osalitsitsa. Mwana amatengera nkhope yanu kuposa mawu anu.

Akafika zaka zinayi kapena zisanu, dzina liyende ndi malamulo ake. Ziwalo zimene zimaphimbidwa ndi kabudula wam'kati ndi zake yekha. Palibe wololedwa kuzigwira kapena kuziona, kupatula womusambitsa akadali wamng'ono ndi wachipatala pamene kholo lilipo. Iyenso saloledwa kugwira za munthu wina, ngakhale atauzidwa ndi wamkulu. Apa pamafunika kusamala, chifukwa ana athu timawalera kuti wamkulu sakanidwa. Mwana auzidwe momveka kuti pankhani imodzi iyi angathe kukana aliyense, kaya ndi amalume, aphunzitsi kapena abusa, ndipo kukanako si mwano. Auzidwenso kuti chinsinsi chokhudza thupi lake sachisunga, ngakhale womuuza atamupatsa ndalama kapena kumuopseza.

Tsiku lina mwanayo adzatchula limodzi mwa mayinawo pagulu, mwina alendo ali pamphasa. Zimachitika, ndipo n'zimene makolo ambiri amaopa. Kumumenya pamenepo ndi kufafaniza zonse zimene mudaphunzitsa. Mutengereni pambali n'kumuuza kuti dzinalo ndi loona, koma limatchulidwa posamba, kuchipatala, kapena pouza munthu wamkulu kuti pali vuto. Ana amadziwa kale kuti pali mawu a pabwalo ndi mawu a pamaso pa mfumu. Ili nalo saliona lachilendo.

Funso loti mwana amachokera kuti limabwera amayi kapena azakhali akakhala ndi pakati. Kuyankha kuti "tidakagula kuchipatala" kumatha msanga mphamvu, makamaka kwa mwana amene waonapo mbuzi ikuswa. Wamng'ono amakhutira akauzidwa kuti khanda limakula m'chiberekero cha amayi. Wokulirapo akafunsa kuti limatuluka bwanji, yankho ndi lakuti kudzera m'njira yoberekera, kapena madokotala amang'amba pamimba. Yankhani chimene wafunsa, n'kudikira funso lotsatira. Lidzabwera pa nthawi yake.

Za kutha msinkhu zikambidwe kusinthako kusanayambe. Atsikana ambiri amayamba kusintha pakati pa zaka 8 ndi 13, anyamata pakati pa 9 ndi 14. Mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi adziwe kuti tsiku lina adzaona magazi, kuti si bala kapena kulodzedwa, ndiponso woti akamuuze. Mnyamata adziwe kuti mawu adzasintha, kuti adzadzuka tsiku lina atanyowa ndi umuna, ndipo si matenda. Ngati bambo kapena mayi akuona kuti pakamwa pawo sipangatuluke zimenezi, mwambo udapereka kale njira: apemphe ambuya, azakhali kapena amalume odalirika. Chachikulu n'chakuti apemphedi, osangoganiza kuti wina anena.

Mwana akachitidwa chipongwe

Anthu amene amagwirira ana kawirikawiri si alendo obisala patchire. Ndi anthu amene mwanayo amawadziwa: wachibale, woyandikana naye nyumba, munthu amene banja limamudalira. Munthu wotere amadalira zinthu ziwiri, mantha a mwana ndi kusowa kwake mawu. Iye mwini amatchula zimene akuchitazo kuti ndi masewera.

Ana ambiri amayesa kunena. Mtsikana amati, "Amama, amalume amandiseweretsa kambalame kanga," mayi ali pamoto, n'kuyankha kuti, "Nawenso uziwabwereka zidole zako." Mwanayo wanena, sadamvedwe, ndipo mwina sadzanenanso. Akadati, "Amalume amandigwira pokodzera," mthiko ukadagwa pansi.

Malamulo a Zambia ndi olimba pankhaniyi. Gawo 138 la malamulo a milandu limati wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 akhale m'ndende zaka zosachepera 15, ndipo angathe kukhalamo moyo wonse. Mu 2022 kudabwera lamulo lalikulu la ana, Children's Code Act, ndipo kumapeto kwa 2023 lamulo la ukwati lidasinthidwa kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 usaloledwe, ngakhale wa pamwambo. Ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, imene idakhazikitsidwa mu 1994, ndipo nambala 116 ya Childline imaimbidwa kwaulere. Mlandu wotere si wothera pabwalo la nyakwawa ndi mbuzi kapena ndalama, ngakhale mabanja ambiri amakonda kutero poteteza dzina la mtundu. Ndi mlandu wa kukhoti la majisitireti.

Koma kukhotiko amafuna kumva chimene chidachitika, pati, ndi chiyani. Mwana amene angonena kuti "adandichita zoipa" amafunsidwa mobwerezabwereza pamaso pa anthu, ndipo woimbidwa mlandu amapezerapo pothawira. Amene angatchule chiwalo chake ndi cha munthuyo amamveka kamodzi.

Nthawi nayo imawerengedwa. Mankhwala oteteza ku HIV munthu akagwiriridwa amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Oletsa mimba mwadzidzidzi amathandiza pasanathe masiku asanu, ndipo kufulumira ndi kumene kumawapatsa mphamvu. Masiku amene banja limathera pofunsana kuti mwanayu akutanthauza chiyani, kapena podikira kuti amalume aakulu abwere adzamve kaye, ndi masiku omwewo a mankhwala.

Mwana akakuuzani, ngakhale mtima utalumpha, musakuwe ndipo musamufunse chifukwa chimene sadanenere kale. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo iye sadalakwe. Musamusambitse, zovala zimene adavala musazichape, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo apolisi adziwitsidwe. Mawu amene wanena muwasunge mmene wawanenera, ngati n'kotheka muwalembe papepala pamodzi ndi tsiku. Musawakonze kuti amveke aulemu, musamuikirenso anu m'kamwa, chifukwa namwino, wapolisi ndi majisitireti adzafuna kumva a mwanayo.